Kumanga matayala 6 pa loboti ya FIRST Robotics Competition

Mwafunsa momwe mungamangire matayala 6, atatu mbali iliyonse, kuti loboti izitembenuka bwino pa kapeti pa mpikisano wa maloboti wa ana a sukulu umenewu.

Konzani izi: chubu cha aluminiyamu cha mainchi 2 ndi 1 (chimodzi mbali iliyonse ya loboti), shafuti ya mbali 6 ya theka la inchi, mabering'i a mkombero olowa m'bowo la mainchi 1.125, masipuroketi (magiya a mano okoka tcheni), tcheni nambala 25, masipesa (timphete totsekera mipata pa shafuti) ndi mabauti.

1. Lembani pokhala mabowo atatu pa chubu. Lapakati litsike ndi 1/8 ya inchi. Mukalisiya pamzere umodzi, matayala onse 6 amagwira kapeti, loboti n'kumadumphadumpha potembenuka, mota n'kutentha.

2. Boolani makoma awiri a chubu nthawi imodzi, chili chomangidwa pa makina oboolera. Ambiri amalakwa pano: amaboola mbali iyi, n'kutembenuza chubu, mabowo n'kuphonyana pang'ono. Shafuti imalowa ndithu, koma movuta, ndipo bering'i imatha msanga.

3. Kanikizani mabering'i, mkombero uli kunja kwa khoma. Osamenya ndi hamala.

4. Lowetsani shafuti, tayala kunja, sipuroketi mkati. Mbali 6 za shafuti zija ndi zimene zimazunguza habu (pakati pa tayala), ndiye kiyi (kachitsulo kolumikiza habu ndi shafuti) safunika.

5. Tsekani mipata ndi masipesa. Sipesa ikhudze mphete yamkati ya bering'i yokha; ikakhudza yakunja imakhala buleki.

6. Ikani bauti ndi washala kumapeto kwa shafuti, ndi mankhwala oletsa kumasuka.

7. Musanaike tcheni, zunguzani tayala lililonse ndi dzanja. Lolimba limasuleni pompo.