Vundukulani chifuwa cha mwana musanalembe kuti ali bwino

Nyengo yozizira ino mawodi a ana adzaza ndi odwala chibayo, ndipo cholakwa chimodzi chikubwerezedwa usiku uliwonse: ena mwa ife ogwira ntchito m'chipatala tikumusuzumira mwana ali chifundire bulangete, n'kulemba kuti ali bwino chifukwa wagona phee. Mwana wobanika akasiya kulira, nthawi zina sikuti wapeza bwino, koma mphamvu zopumira zamuthera. Chizindikiro chimene chikanatichenjeza msanga, kulowa m'kati kwa mmunsi mwa nthiti pamene akukoka mpweya, sichioneka ngati chifuwa chili chofunda. Pofika nthawi yoti milomo ndi lilime zada, maola amene okosijeni akanathandiza apita kale, ndipo mwana amene akanachira ndi mankhwala wamba tsopano akufunika kumutsitsimutsa.

Chizolowezi chowerenga mpweya kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi chinayenera kutha kalekale. Makanda amapuma modukizadukiza, choncho masekondi ochepawo amanamiza. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi omveka: tiwerenge kwa mphindi yathunthu mwana ali wodekha. Kupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi kwa khanda losakwana miyezi iwiri, ka 50 kuyambira miyezi iwiri mpaka 11, ndi ka 40 kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu, ndiko kupuma mofulumira. Kunena kuti odwala achuluka sikungakhale chifukwa chomanira mwana mphindi imodzi yokha.

Bambo wina, mlimi wa ziweto, amene ankadikirira mwana wake, ndiye anakadzutsa anamwino atavundukula chifuwa yekha. Anati ng'ombe yodwala amaidziwira pa nthiti ngakhale isanasiye kudya, ndipo nthiti za mwana wakeyo sizinamusangalatse. Anali atalondola: mwanayo ankabuula nthawi iliyonse akapuma, mutu ukugwedera, mphuno zikufutukuka, chonsecho pa pepala panalembedwa kuti wagona bwino. N'zopweteka mtima kuti womudikirira anaona zimene ife tinaphunzitsidwa kuona.

Chochita n'chodziwika. Vundukulani chifuwa, werengani, mvetserani kubuula ndi kulira kwa m'chifuwa, ndipo funsani mayi ngati mwana akuthabe kuyamwa. Kamakina ka pa chala koyezera okosijeni m'magazi kakasonyeza pansi pa 90 peresenti, mupatseni okosijeni nthawi yomweyo, muchotse mamina m'mphuno, mum'khazike motsamira, n'kuitana adokotala. Aphunzitseninso omudikirira zizindikiro zimenezi tsiku lomwe mwana wagonekedwa.