Kadimba ka pasukulu, yambani chonchi

Aphunzitsi anzanga, ulimi wa pabolodi pokha ana amangoloweza basi, mayeso akatha zonse zauluka. Atulutseni panja.

Pezani kamalo pafupi ndi mjigo, madzi otayika aja agwire ntchito. Gulu lililonse likhale ndi bedi lake, mulifupi mita 1 kuti mwana azifikira pakati osapondamo. Yambani ndi bonongwe ndi mpiru, pakangotha masabata 4 kapena 5 ayamba kuthyola, ndiye mwana akalawa ndiwo zolima yekha simudzamukakamizanso kuthirira ayi.

Feteleza musagule, wadula kale uyu. Akumbe dzenje aziponyamo masamba osesa m'mawa aja m'malo mowotcha, ndowe, phulusa pang'ono, makoko a nthochi, azithirira n'kumatembenuza, miyezi 2 kapena 3 manyowa apsa. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ichi: bedi lina aphimbire ndi udzu, lina alisiye pambalambanda, mawa lake masana apise chala monse muwiri, aona okha komwe chinyezi chatsala. Mvula ikagwa chimanga adzale pamodzi ndi nandolo, amawonjezera chonde m'nthaka.

Komatu dimba lisakhale chilango cha ochedwa. Mpanda mangani msanga, mbuzi za m'mudzi sizipita kuholide.