Kulondola paini wolowerera m'nkhalango ndi zithunzi za setilaiti

Paini amene timacheka matabwa uja, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Kuno anadzalidwa ku Zomba, ku Chikangawa, ku Chelinda pa Nyika ndiponso ku Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje. M'munda mwake ndi chuma. Vuto limayamba akadumpha malire. Njere zake zili ndi kaphiko, mphepo imazimwaza kutali, ndipo moto ukadutsa mbande zimamera mothithikana pa lupsa. Pakapita zaka, pansi pamangodzaza masamba ake ouma, udzu ndi timitengo tachilengedwe osameranso. Ku Mulanje amalanda malo a mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera paphiri lokhali.

Phiri ndi lalikulu, alonda a nkhalango ndi ochepa. Apa m'pamene setilaiti imathandiza. Sentinel-2, ya mayiko a ku Ulaya, imajambula malo amodzimodzi masiku 5 aliwonse, ndipo zithunzi zake n'zaulere. Landsat ya ku America inayamba kujambula mu 1972, choncho mutha kuona mmene malo analili kale n'kuyerekeza ndi lero. Ngakhale pulogalamu ya mapu ya Google Earth pakompyuta imaonetsa zithunzi za zaka zam'mbuyo.

Chachikulu ndi kusankha nyengo. M'dzinja chilichonse chimabiriwira, mitambo nayo imaphimba phiri, ndiye simungasiyanitse kanthu. Mu June ndi July chiperoni chimasokoneza. Dikirani kuyambira August mpaka October: udzu umakhala utauma, wafiira, pamene paini amakhalabe wobiriwira moderako. Tengani chithunzi cha chaka chino, muchiike pambali pa cha mwezi womwewo zaka zisanu zapitazo. Yang'anitsitsani m'mphepete mwa munda wakale wa paini, makamaka mbali imene mphepo imalowera ndi pamene panapsa. Madontho oderako amene kale panalibe, alembeni.

Koma ndikupempheni, a komiti ya zachilengedwe m'mudzi, musatume anthu ndi nkhwangwa chifukwa cha chithunzi chokha. Kadontho kochepetsetsa ka pa chithunzi cha Sentinel-2 kakuimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Ka Landsat mamita 30. Mbande yofika m'bondo siioneka n'komwe. Komanso mkungudza ndi mitengo ya m'zigwa sizithothoka masamba m'chilimwe, moti kuchokera kumwamba zimafanana ndi paini. Kugwetsa mkungudza molakwitsa n'kutaya chinthu chimene chatsala pang'ono kutheratu. Chithunzi chikuuzeni koyenda, koma pitaniko ndi mapazi pamodzi ndi mlangizi wa zankhalango, foni ya GPS yoonetsa malo amene muli ili m'manja. Gwirani nthambi: masamba a paini ndi aatali, olendewera pansi ngati ndevu za chimanga, pamene a mkungudza wokhwima ndi timamba tating'ono tokanirira kunthambi.

Mukatsimikiza, yambani ndi mitengo yotalikirana imene ili patsogolo, isanabereke, kenako muzibwerera chakumunda. Mbande zazing'ono zulani ndi manja nthaka ikadali yofewa. Waukulu dulani pansi penipeni, osasiya nthambi yaiwisi pachitsa, ndipo saphukiranso. Lantana, chitsamba china cholowerera, ndi wosiyana, ameneyo mukangodula amaphuka mwamphamvu, ndiye kumbani ndi mizu yomwe.

Lembani malo ndi tsiku m'kaundula wa komiti, ndipo mubwerereko chaka ndi chaka mvula ikatha, chifukwa njere zimene zinagwa kale zimamerabe ngakhale mtengo unadulidwa.