Momwe mungawerengere madzi a mvula musanakumbe ngalande m'dera lomwe likumangidwa kumene

Minda yambiri yozungulira tawuni ya Kasungu, yomwe kale munkalimidwa fodya ndi chimanga, lero yasanduka maploti. Mvula ndi yomwe ija, yoyamba mu Novembala n'kusiya cha mu Epulo, koma madzi othamanga m'misewu achuluka. Chifukwa chake n'chosabisika: dothi lamchenga la kuno limamwa madzi, pomwe malata ndi simenti sizimwa. Anthu akatopa ndi matope amasonkherana, n'kulemba aganyu kuti akumbe ngalande, kukula kwake n'kongoyeza ndi maso. Ikagwa ya mu Januwale, ngalande ija imasefukira tsiku lomwelo.

Pali masamu osavuta omwe mainjiniya amagwiritsa ntchito pa malo aang'ono, otchedwa Rational Method. Anawayambitsa ndi Thomas Mulvaney wa ku Ireland cha m'ma 1850, ndipo mpaka lero akugwirabe ntchito. Mukufunika foni yokhala ndi kakyuleta, tepi yoyezera, rula ndi chitini.

Choyamba, dziwani malire a malo omwe amathira madzi pa ngalande yanu. Malire amenewa satsata mabikoni a ploti kapena malire a mfumu, amatsata kutsetsereka kwa nthaka. Kasungu ndi malo athyathyathya, kupatula kufupi ndi phiri, ndiye maso amanama. Tulukani ndi ambulera mvula ili mkati, mutsate madziwo chobwerera m'mbuyo mpaka pomwe akupatukira kulowera kwina. Mukatero tsegulani Google Earth, pulogalamu ya mapu ya pa intaneti, zungulizani malowo ndi mzere, ndipo ikuuzani kukula kwake. Lembani m'mahekitala. Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi.

Chachiwiri, gawani malowo potengera zomwe zili pamwamba pa nthaka. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, yapakati pa 0 ndi 1, yosonyeza gawo la mvula lomwe limathamanga osalowa pansi. Denga la malata ndi pafupifupi 0.9, kutanthauza kuti pa ndowa khumi za mvula, zisanu ndi zinayi zimatsika. Phula ndi simenti zili chomwecho. Msewu wadothi wopondedwa ndi galimoto mutha kuuika pa 0.7, pabwalo pomwe pamasesedwa m'mawa uliwonse 0.4, munda wa mizere pa dothi lamchenga 0.2. Pa dothi lamakande kwezani pang'ono manambala a pabwalo ndi a munda.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amawerenga nyumba zomwe zaimirira lero, n'kuiwala maploti omwe angounjikidwa njerwa. Werengani ngati onse amangidwa kale, mipanda ndi nyumba za lendi za kuseri zomwe, poti ngalande mukukumbayo si ya chaka chino chokha.

Tiyeni tiyese ndi malo ongoyerekeza a mahekitala 2. Madenga atenga mahekitala 0.8, misewu 0.4, mabwalo 0.8. Chulukitsani gawo lililonse ndi nambala yake: mupeza 0.72, 0.28 ndi 0.32. Kuphatikiza ndi 1.32, kugawa ndi 2, nambala ya dera lonse ndi 0.66. Pomwe panali munda inali 0.2.

Chachitatu ndi mvula, ndipo chovuta kwambiri ndi chimenechi. Chomwe chimagumula kalavati si kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse, koma ukali wake pa kanthawi kochepa. Mvula yamvumbi ya mamilimita 30 yogwa tsiku lonse imalowa pansi mwakachetechete. Mamilimita 30 omwewo atagwa m'theka la ola, msika umabalalika. Ikani chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi kunsi, pamtetete kutali ndi mitengo ndi denga. Mvula yamphamvu ikayamba onani nthawi, pakatha mphindi 15 yezani ndi rula. Mukapeza mamilimita 15, ndiye kuti ukali wake ndi mamilimita 60 pa ola.

Bwanji mphindi 15? Chifukwa ngalande imadzaza kwambiri pomwe madzi ochokera kumalire akutali afika pamodzi ndi apafupi, ndipo pa malo aang'ono chonchi zimenezi zimatenga mphindi zochepa. Malo akakula, nthawi yoyezera imatalikanso. Komabe chitini cha dzinja limodzi sichingakuuzeni za mvula ija imabwera kamodzi pa zaka khumi. Zimenezo kafunseni ku nthambi yoona za nyengo, yomwe imasunga kaundula wa zaka zambiri. Alangizi a zaulimi nawonso amalemba mvula, koma yawo nthawi zambiri ndi ya tsiku lathunthu, ndiye singalowe m'masamu ano mwachindunji.

Tsopano chulukitsani zitatuzo, nambala ya dera, ukali wa mvula ndi mahekitala, kenako gawani ndi 360. Yankho muchulukitse ndi 1,000 kuti likhale malita pa sekondi. Pa chitsanzo chathu, 0.66 kuchulukitsa ndi 60, kuchulukitsanso ndi 2, kugawa ndi 360, ndi 0.22, omwe ndi malita 220 pa sekondi. Ndowa 11 za malita 20 sekondi iliyonse! Nthawi ya munda ija anali malita 67, ndowa zitatu ndi pang'ono.

Kodi ngalande yomwe ilipo ingakwanitse? Yezani mulifupi ndi kuya kwake. Ya masentimita 50 m'lifupi, madzi ofika masentimita 40, ili ndi mpata wa 0.5 kuchulukitsa ndi 0.4, omwe ndi 0.2. Liwiro la madzi muliyeze ndi chitsononkho: chiponyeni m'madzi, muwerenge masekondi omwe chayenda mamita 10, kenako mugawe 10 ndi masekondiwo. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kuyerekeza ndi apamwamba. Chulukitsani mpata uja ndi liwiro, kenako ndi 1,000. Liwiro likatsala mita imodzi pa sekondi, ngalandeyo imanyamula malita 200 okha pa sekondi, ndipo 220 aja sakwanamo. Apo n'kuti ili yoyera, yopanda majumbo ndi mchenga. Ntchito iyi musatume ana, ndipo muimirire patali ndi kalavati.

Kukulitsa ngalande si njira yokhayo. Bwererani ku 0.66 uja muone chomwe chingamutsitse. Denga la mamita 10 mbali zonse, pa mvula ya mamilimita 30, limalandira malita 3,000, migolo 15 ya malita 200. Thanki kapena dzenje lothiramo miyala kuseri kwa nyumba limagwira ena mwa madziwo. Kapinga pabwalo ndi vetiva m'mbali mwa msewu zimawachedwetsa. Sinthani manambala, muwerengenso, muone kusiyana musanagule thumba la simenti.

Masamuwa ali ndi malire ake. Malo akapitirira mahekitala 80, kapena madzi akamadutsa m'dambo lomwe limawasunga kaye, monga kulowera ku damu la Chitete, pamafunika kompyuta. Pulogalamu ya SWMM, ya bungwe la boma la America loteteza chilengedwe, ndi yaulere pa intaneti, ndipo imatsata madzi mphindi ndi mphindi m'ngalande iliyonse. Imeneyo asiyireni ainjiniya. Inu tengani pepala lanu, mapu ndi manambala a chitini, mupite nazo ku khonsolo kudzera mwa a khansala, makamaka ngati ngalandeyo idzadutsa pansi pa msewu kapena kukathira madzi kwa anansi a kumunsi.