Amakanika, mtovu tisamaudye ndi manja athu omwe

Pa galaja timaopa jeki kugwa kapena asidi kutithira m'maso koma mtovu, uja ena amangoti ledi, sitiwuwerengera chifukwa suwawa pompo. Petulo wa mtovu anatha pa dziko lonse lapansi mu 2021 inde, koma m'mabatire ulimobe, mu soda, chitsulo chosungunula chija chowotcherera ladiyeta, mu timaweti tobalansira matayala komanso mu penti yakale.

Umalowa m'thupi makamaka popuma ndi pomeza, ndiye tsekani njira ziwirizi.

Yambani ndi manja. Musanadye, musanamwe, musanayatse fodya sambani ndi sopo mpaka m'zikhadabo, zija zongotsukuluza ndi petulo nkupukutira pa ovolosi ndi kudzinamiza akuluakulu, girisi achoka inde koma fumbi la mtovu likhalabe. Ndipo musamadyere pa benchi yomwe mumakonzerapo mabatire.

Mukamawotcherera ladiyeta chitirani podutsa mphepo, utsi uzipita kwina osati kumaso kwanu. Kamasiki kansalu sikagwira utsiwu, pezani ya fyuluta ya P3 kapena P100. Penti yakale palani ndi sandipepa wonyowa. Pansi wazani madzi nkukolopa, osapemerera ndi kompresa ayi, mukungomwetsa galaja yonse fumbi. Batire yakufa osaiswa, osasungunula mapuleti ake, ipelekeni kwa okonzanso ili yathunthu.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ovolosi. Munthu waweruka, wafika nayo kunyumba, mwana wathamanga kudzamukumbatira miyendo kenako zala mkamwa... thupi la mwana limayamwa mtovu wambiri kuposa la wamkulu ndipo umakawononga ubongo, zikawonongeka sizibwereranso. Kwa mayi woyembekezera umadutsa mpaka kwa khanda, mimba imathanso kupita padera. Vulani ovolosi ndi nsapato konko kuntchito, muziike mu jumbo, muzichapa pazokha.

Mutu ukamawawawawa, m'mimba kupotokola, kudzimbidwa, kutopa kosatha, kuiwalaiwala, dzanja kufooka mpaka sipanala kumakupulumukani, musangoti ndi kulema kwa ntchito. Mtovu umachepetsa magazi, umakweza BP, umawononga impso, ngakhale mbeu ya abambo imachepa. Pitani kuchipatala mukanene ntchito yomwe mumagwira ndipo mupemphe akuyezeni mtovu m'magazi, osadikira kudwala chifukwa ambiri samva kanthu poyamba. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati palibe mlingo wabwinobwino, ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita ya magazi achipatala afufuze komwe ukuchokera. M'magazi umatsika ndi theka pakatha pafupifupi mwezi mukasiya kuupuma, koma womwe walowa m'mafupa umakhala zaka makumi, ndiye ngakhale munasiya za mabatire kalekale muwauzebe adokotala.