Kodi ndiike ma update achitetezo a Windows mwezi uno?

Ikani ndithu, amatseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowera. Microsoft imawatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Musathamange koma. Dikirani masiku awiri kapena atatu, mumve ngati ena akudandaula. Mukapanda kumva kanthu, koperani mafayilo ofunika pa flash. Kenako lumikizani laputopu ku magetsi, batire likhalenso lodzaza, chifukwa ikazima ntchito ili mkati Windows imatha kukana kuyaka. Bandulo nayo ikhale yokwanira, zinthuzi zimadya data.

Tsegulani Settings, lowani pa Windows Update, dinani Check for updates. Ikamaliza, dinani Restart, muisiye ngakhale ichedwe.

Printa ikasiya kugwira ntchito pambuyo pake, pitani pa Update history mukachotse update imeneyo.