Mwana akapsa ndi phala, thamangirani madzi

Miyezi ya June ndi July ana amaunjikana pa mbaula kuotha moto, ndipo ndi nthawi imene timalandira opsa ambiri kuchipatala. Mphika wa phala ukagubuduzika, kapena madzi a nsima akamutayikira mwana pamwendo, yambani mwaliona bwino balalo.

Khungu likangofiira popanda matuza, kupsako n'kwapamwamba. Likatuluka matuza, n'kumaoneka lofiira ndi lonyowa, mwana n'kumalira kosatonthozeka, ndiye kuti moto walowa mkati pang'ono. Uku ndi kupsa kwapakatikati, komwe tikukamba lero. Koma pakaoneka poyera mbuu kapena pakuda bii, polimba ngati chikumba, wopsayo osamva ululu kwenikweni, musati zili bwino. Mitsempha yapsa, ndipo n'zachipatala basi.

Mankhwala oyamba ndi madzi oyera ozizira. Thirani pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu. Ambiri amathira kapu imodzi n'kusiya, pomwe khungu limapitiriza kupsa mkati ngakhale moto utachoka. Ngati mulibe mpopi, tungani m'ndowa ndi kapu n'kumathira pang'onopang'ono. Ayezi ayi, amawononga khungu. Mwanayo mumufunditse mbali zina zathupi kuti asazizidwe. Vulani mphete, zibangili ndi mikanda pasanatupe, ndipo chovala chikamatirira pabala musachikoke, dulani mozungulira.

Apa ndiye pamandipweteka mtima. Mayi amafika kuchipatala mwana atamupaka Colgate, dzira laliwisi, mafuta ophikira, ufa, ena mpaka phulusa kapena ndowe. Ndikudziwa kuti n'chikondi ndi mantha. Koma zinthu zimenezi zimalowetsa majeremusi, ndipo namwino amayenera kuzichotsa zonse asanaike mankhwala, mwana akukuwa kachiwiri.

Matuza musawaboole ndi singano kapena minga. Khungu lapamwambalo likuteteza bala. Phimbani ndi nsalu yochapa ndi kusita, mosamanga kwambiri. Thonje limamatirira, lisiyeni. Mupatseni Panado wolingana ndi msinkhu wake, ndipo azimwa madzi kapena kuyamwa pafupipafupi.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala laposa chikhatho cha wopsayo, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumalo obisika kapena polumikizira mafupa, komanso ngati wapsayo ndi khanda kapena agogo. Kumeneko mufunsenso za katemera wa kafumbata. Opsa kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli malo osamalira opsa.

Bala la kupsa kwapakatikati nthawi zambiri limapola pa masabata awiri kapena atatu. Likayamba mafinya, fungo, kutupa kukuwonjezeka, kapena mwana akatentha thupi, musadikire mawa.

Ndipo pakhomo pamene pali wodwala khunyu, asamakhale yekha pafupi ndi moto. Akagweramo mukokeni msanga, khunyu sapatsirana.